Helikopita ikutula miyala pamwamba pa phiri ku Snake Pass: bwanji osangobzala mitengo?

Veni_ya_Usiku
Abale anga, ndithandizeni kumvetsa chinthu china. Ndimanyamula katundu pakati pa Manchester ndi Sheffield, ndipo nyengo ikalola ndimadzera msewu wa A57, uja wa Snake Pass. Lachiwiri lapitali ndidapeza helikopita ikunyamula matumba akuluakulu oyera m'mbali mwa msewu n'kukawatula pamwamba penipeni pa phiri, kumene kulibe nyumba, kulibe munda, kulibe ngakhale mtengo umodzi. Ndidaimika galimoto n'kufunsa bambo wina amene ankamangirira matumbawo. Adati muli miyala, ndipo ntchito yake ndi yoteteza madzi amene timamwa. Ndidathokoza, koma m'mutu sizidalowe.
Kwathu ku Dedza munthu akati tiyeni titeteze gwero la madzi, aliyense amadziwa kuti Disembala akafika tinyamula makasu ndi mbande. Kuno ndalama zilipo, mvula imagwa chaka chonse, koma phiri lonse la Bleaklow ndi udzu ndi matope okhaokha. Ndalama ya helikopita ya tsiku limodzi ingagule mbande zingati? Bwanji osangobzala mitengo phiri lonse?

Mai_a_Chisomo
Funso limeneli inenso ndakhala nalo kuyambira pomwe ndidafika kuno. Mapiri awo amaoneka ngati adametedwa mpala. Odziwa atiuze.

Chiperoni_Edale
Achimwene a Veni, zimene mudaonazo ndazigwirako ndi manja anga, chifukwa ndimapita kukathandiza mongodzipereka pamwamba pa Kinder Scout, phiri loyandikana ndi Bleaklow. Nanenso poyamba ndinkaganiza ngati inu.
Choyamba muiwale kuti ndi phiri. Pamwamba pake ndi dambo. Kinder Scout ndi wotalika mamita 636, koma ukafika pamwamba umapeza chigwa chathyathyathya, chonyowa, chonjenjemera ukapondapo. Nthaka yake si dothi ngati la kumunda. Ndi zomera zakufa zimene zidakanika kuwola chifukwa chokhala m'madzi ozizira opanda mpweya, n'kumangounjikana chaka ndi chaka. Eni ake amati peat. Imakula pafupifupi milimita imodzi yokha pachaka, kutanthauza kuti mita imodzi ndi zaka ngati 1,000. Pali zigwembe zina pamwambapo zimene munthu wamtali amalowamo osaonekanso mutu, ndipo khoma lonselo ndi peat yekhayekha.
Chomwe chimapanga peat kwambiri ndi ndere zina zofewa zotchedwa sphagnum. Ukazifinya m'manja zimatuluka madzi ngati siponji, zimatha kusunga madzi olemera kuwirikiza ka 20 kulemera kwa ndere zouma. Ndiye mafakitale a nsalu a ku Manchester ndi achitsulo a ku Sheffield atayamba kutentha malasha usana ndi usiku, utsi wonse unkagwera pamapiri amenewa, chifukwa ali pakati pa mizinda iwiriyo. Mvula idasanduka yowawasa, ndere zija zidafa. Kenako moto, kenako nkhosa zambiri. Peat adatsala pamtunda ali wakuda bii, opanda chofunda, ndipo mvula ikagwa ankangokokoloka.
Miyala mudaonayo amatsekera zigwembe. Amamanga timadamu ting'onoting'ono motsatizana m'chigwembe, kuti madzi aziima kumbuyo kwake ndi kuti peat wokokoloka azitsakamira pomwepo. Galimoto singafike pamwambapo, itamira komanso iwononga zomwe zamera kale, n'chifukwa chake helikopita.

Kapitawo_wa_Nkhalango
Ine ndili kuno ku Zomba, ndidagwira ntchito ya zankhalango zaka zambiri mpaka kupuma. Mwana wanga ndi amene adandilowetsa pagulu lino. Ndamva zonse mwanenazi a Chiperoni, koma funso la achimwene aja simudaliyankhe. Mtengo umagwira nthaka ndi mizu, umaswa mphamvu ya dontho la mvula, masamba ake amafunditsa pansi. Ngati vuto ndi kukokoloka, mankhwala ake ndi mtengo. Kutseka zigwembe ifenso timachita, koma timatseka kenako n'kubzala.

Chiperoni_Edale
Bambo, zonsezo ndi zoona pa dothi. Koma ndikufunseni: munthu akabwera ndi mbande za bulugamu n'kunena kuti akufuna kubzala pakati pa dambo pomwe mudzi umatunga madzi m'chilimwe, mungamuloleze?

Kapitawo_wa_Nkhalango
Ayi, ameneyo ndingamubweze. Bulugamu m'dambo ndi kupha zitsime. Tidaziona zimenezo ndi maso.

Chiperoni_Edale
Ndiye ndi zomwezo bambo. Peat amakhala moyo akakhala wonyowa mpaka pamwamba. Mtengo umamwa madzi, ndipo kuti umere pamenepo amayamba akumba ngalande zoumitsa nthaka. Peat akauma mpweya umalowa, zomera zija zidakanika kuwola kwa zaka masauzande zimayamba kuwola tsopano, nthaka imatitimira, imang'aluka, ndipo kaboni yense adasungidwamo amapita m'mwamba.

Mphepo_ya_Inverness
Apa ndilowererepo chifukwa ndili kuno kumpoto kwa Scotland komwe adayesadi zomwe a Veni akunenazo. Ku Caithness ndi Sutherland kuli dambo la peat lalikulu kwambiri lotchedwa Flow Country. M'ma 1970 ndi m'ma 1980 anthu olemera adapeza kuti akaika ndalama pa kubzala mitengo msonkho wawo umatsika. Adalima madambowo ndi makasu a mathirakitala, n'kubzala mitengo ya mtundu wa paini yochokera kunja, mizeremizere. Malo ambiri mitengoyo sidakule bwino, mphepo inkaigwetsa, mbalame za m'dambo zidathawa, dambo lidauma. Boma lidachotsa mwayi wa msonkho uja mu 1988. Lero ku Forsinard bungwe loteteza mbalame la RSPB likudula mitengo yomweyo ndi kutseka ngalande, kulipira kachiwiri kuti achotse zomwe adalipira kubzala. Mu 2024 nthambi ya United Nations ya UNESCO idaika Flow Country pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, chifukwa cha dambolo, osati chifukwa cha mitengo.

Veni_ya_Usiku
Kudula mitengo pofuna kuteteza chilengedwe? Izi ndiye zatsopano kwa ine.

Kapitawo_wa_Nkhalango
Si zatsopano kwenikweni achimwene. Paphiri la Mulanje paini uja wa patula adabzalidwa ndi cholinga chabwino, koma adafalikira yekha n'kuyamba kupanikiza mkungudza ndi zomera zachilengedwe, mpaka adayamba kumuchotsa. Ndavomera kuti mtengo uli ndi malo ake. Koma ndichenjeze ana athu amene akuwerenga pano: musatenge nkhani ya ku Scotland n'kubwera nayo ku Dzalanyama. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'nkhalango imeneyo, madamu a Kamuzu amadalira kumeneko, ndipo makala atavuta mpaka asilikali adatumizidwa kukalondera mu 2015. Kumeneko gwero la madzi ndi mitengo ya miombo, ndipo ikatha madzi atha.

Mphepo_ya_Inverness
Palibe akutsutsa zimenezo bambo. Ngakhale kuno amabzala mitengo, koma m'zigwa ndi m'mbali mwa mitsinje komwe kuli dothi lenileni, osati pamwamba pa peat wakuya.

Sindigula_Mphaka_Mthumba
Zonsezi ndamva, koma ine ndili ndi funso lina. Amene akulipira ndani? Si ife kudzera m'mabilu a madzi? Makampani a madzi a dziko lino akhala akudzudzulidwa chifukwa chotayira zonyansa m'mitsinje ndi chifukwa cha mapaipi odontha. Akajambula helikopita ndi ndere zobiriwira n'kuika pa Facebook, ine ndimaona ngati akufuna tiyang'ane kuphiri tisaone zomwe zikuchitika kumunsi. Madzi a pampopi amadzera kale m'makina osefera. Kaya phiri ndi lakuda kaya ndi lobiriwira, ine ndimamwa madzi oyera.

Namadzi_wa_mu_Labu
Achimwene, ntchito yanga ndi yoyeza madzi, ndiye ndikufotokozereni zomwe zimachitika asanafike oyerawo pampopi panu.
Madzi ochokera pa peat amakhala ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Pitani mukaone mitsinje yotsikira kumadamu a Ladybower kapena Torside mvula itangogwa nyengo yotentha ikatha. Utotowo si matope oti angakhazikike pansi, ndi zinthu za m'zomera zosungunuka m'madzi momwemo. Sefa wamba sangazigwire. Timathira mankhwala a chitsulo kapena a aluminiyamu kuti zigwirane zikhale timibulu, kenako n'kuzichotsa. Utoto ukachuluka, mankhwala amachuluka, magetsi amachuluka, ndipo matope otsalawo amafunika malole okawataya.
Sitingazisiye chifukwa chongoti ndi maonekedwe. Pomaliza timathira klorini wopha tizilombo, ndipo klorini akakumana ndi zotsalira za peat amapanga zinthu zotchedwa trihalomethanes, zimene si zabwino m'thupi zikachuluka. Lamulo la kuno limati zisapitirire ma microgram 100 pa lita imodzi. Ndiye tsiku lililonse timayenda pakati pa zinthu ziwiri: klorini akhale wokwanira kupha tizilombo, koma utoto ukhale utachotsedwa kaye.
Palinso peat wokokoloka weniweni, timibulu takuda timene timakadzaza pansi pa damu n'kuchepetsa malo a madzi. Ndipo peat wa mapiri amenewa adamwa mtovu wa mu utsi wa mafakitale kwa zaka zoposa 100. Akakhala pamalo pake mtovuwo umakhala womangika. Akakokoloka umayenda naye.
Ndiye mumalipira ndithu. Funso ndi loti mulipire kumtunda kamodzi, kapena kumunsi chaka chilichonse.

Sindigula_Mphaka_Mthumba
Chabwino achemwali. Ndiye ndiyankheni molunjika: chiyambireni ntchito imeneyi, madzi ayera? Bilu yatsika?

Namadzi_wa_mu_Labu
Bilu sidatsike, ndipo sindingakunamizeni kuti itsika chifukwa cha ndere. Za kuyera kwa madzi yankho lili pawiri. Peat wokokoloka, timibulu tija, amachepa msanga kwambiri malo akangomera udzu, chifukwa mvula simenyanso nthaka yamaliseche. Zimenezo zimaoneka m'zaka zochepa. Koma utoto wosungunuka uja ndi wouma mutu. Kuyambira m'ma 1980 madzi a m'mapiri a kuno, ngakhalenso a ku Norway ndi Sweden, akhala akunka nafiirira, ndipo chifukwa chachikulu n'chodabwitsa: mpweya wayera. Mvula yowawasa ija inkapangitsa kuti zinthu za mu peat zisasungunuke kwambiri. Malasha atachepa, nthaka idayamba kumasula zomwe inkagwira. Ndiye pali malo amene atseka ngalande utoto n'kuchepa, pali ena amene sudasinthe, ena udayamba wakwera kaye. Amene angakuuzeni kuti tseka chigwembe lero mawa madzi ambee, akukunamizani. Koma phiri likasiyidwa louma, chilimwe chilichonse chotentha chimaswa peat wambiri, ndipo mvula yoyamba imatibweretsera zonsezo kudamu.

Sindigula_Mphaka_Mthumba
Yankho limeneli ndalilandira chifukwa simudandikometsere. Koma za zonyansa m'mitsinje sindisintha maganizo.

Namadzi_wa_mu_Labu
Musasinthe. Imeneyo ndi nkhani ina ndipo ndi yoona. Kungoti ntchito ya kuphiri si ya makampani a madzi okha. Bungwe la Moors for the Future lidayamba mu 2003, likulu lake lili ku Edale, ndipo muli akuluakulu oyang'anira Peak District (dera lotetezedwa la mapiri amenewa), a National Trust (bungwe losamalira malo achilengedwe ndi a mbiri yakale), a RSPB, nthambi za boma, pamodzi ndi makampani atatu a madzi a dera lino: United Utilities, Yorkshire Water ndi Severn Trent. A United Utilities adayambanso ndondomeko yawoyawo mu 2005 pamalo awo a ku Bowland ndi ku Peak District. Makampaniwa ali ndi malo aakulu kumapiriku kuyambira kalekale. Madamu a ku Longdendale, awo mumawaona mukamadzera ku Woodhead, adayamba kumangidwa mu 1848 kuti Manchester ipeze madzi abwino.

Dimba_la_ku_Leeds
Pepani ndikhotetse pang'ono. Peat ameneyu ndi yemwe uja amalembedwa pamatumba a manyowa ogula m'masitolo a zamaluwa? Chifukwa ine mbande zanga za mpiru ndi nkhwani ndimafesa m'menemo, ndipo zimamera bwino zedi.

Chiperoni_Edale
Ndi yemweyo amayi, kungoti wa m'matumba amakumbidwa kwambiri m'madambo a kuchigwa, osati pamwamba pa mapiri, ndipo wambiri wakhala akuchokera kunja, monga ku Ireland. Yang'anani matumba olembedwa kuti mulibe peat, masiku ano ali paliponse.

Dimba_la_ku_Leeds
Ndidayesako chaka chatha, pamwamba pankaoneka pouma pansi pali madzi, ndidathirira mopyola mbande zina zidavunda.

Gogo_wa_ku_Bradford
Mwanawe, pisa chala usanathirire. Ndipo mpiru sufuna zonsezo. Ine ndimasakaniza masamba owola a chaka chatha ndi manyowa a mahatchi amene ndimapempha kwa anthu oweta, ndipo nkhwani zanga zimakwanira mpaka kufutsa. Chovuta kuno ndi chisanu cha Meyi, osatulutsa mbande msanga.

Mai_a_Chisomo
Agogo, mfutso kuno mumaumitsa bwanji dzuwa lake losowali?

Gogo_wa_ku_Bradford
Mu uvuni, moto wochepa kwambiri, chitseko chotsegula pang'ono. Fungo limasiyana ndi la padzuwa koma m'nyengo yozizira umathokoza.

Tiyi_Wambiri
Poti tatchula za kukhitchini: n'chifukwa chiyani ketulo yanga itakhala ku London inkachita zoyera pansi mwezi umodzi wokha, koma chisamukireni ku Manchester ili mbee?

Namadzi_wa_mu_Labu
Madzi a ku London amadzera m'miyala ya choko ndi laimu, amatenga mchere wake. A ku Manchester ndi a mvula ya pamapiri a miyala yolimba ndi peat, ambiri amachokera kutali ku Lake District, kumadamu a Thirlmere ndi Haweswater, kudzera m'mapaipi aatali. N'chifukwa chake sopo amachita thovu msanga kuno.

Veni_ya_Usiku
Tibwerere kuphiri abale. A Chiperoni, mwati ndere zidafa ndi utsi. Nanga pa nthaka yowawasa chotero zimera bwanji lero?

Chiperoni_Edale
Sayamba ndi ndere. Pa peat wamaliseche palibe chingamere, mbewu ikagwa mphepo imaitenga, chisanu chimatukula nthaka n'kuzula timizu. Ndiye amayamba ndi kufunditsa. Amamweta zitsamba za heather kwina, kuzidula tizidutswa, kuzinyamula m'matumba omwe aja, anthu n'kumwaza ndi manja ngati mmene timaphimbira nazale ya fodya ndi udzu. Kenako helikopita imamwaza laimu wochepetsa kuwawasa, feteleza pang'ono, ndi mbewu za udzu wamba womera msanga. Udzuwo si wa pamenepo, ntchito yake ndi kugwira nthaka zaka zingapo, feteleza akatha umafa wokha, pomwepo zomera za eni malo zimakhala zalowa. Zigwembe amatseka ndi miyala, matabwa, mapulasitiki olimba, kapena peat yemweyo. Madzi akakwera n'kufika pafupi ndi pamwamba, ndiye timabwera ife ndi ndere.
Timanyamula timitolo tating'ono ngati chala chachikulu. Umaboola ndi ndodo kapena ndi chidendene, kuikamo kamtolo, kukanikiza, kuyenda phazi limodzi kapena awiri, kubwerezanso. Tsiku lonse uli chowerama, mphepo ikukumenya, nkhungu ili tolo ngati chiperoni cha ku Thyolo. Ndimakumbuka kuwokera mpunga ku Nkhotakota kwa amayi anga aang'ono. Chomwe chimandibweza chaka ndi chaka ndi ichi: malo amene ndidabzala zaka zisanu zapitazo, kamtolo kaja lero ndi chulu chofewa chachikulu ngati lichero, ndipo ukapondapo pafupi madzi amatuluka ngakhale mu Julayi.

Nesi_wa_ku_Tameside
Ine za utoto wa madzi sindizidziwa, koma za moto ndikudziwa. Mu Juni 2018 phiri la Saddleworth lidayaka pamwamba pa Stalybridge. Anthu a ku Carrbrook adasamutsidwa m'nyumba zawo usiku, asilikali adabwera kudzathandiza ozimitsa moto, ndipo utsi udakuta Manchester masiku ambiri. Odwala mphumu ndi okalamba adavutika kwambiri, ndidawaona ndekha. Ndinkadabwa kuti udzu ungayake bwanji masabata atatu. Adandiuza kuti si udzu, ndi nthaka yomwe ikuyaka kunsi. Uzimitsa pano, mawa moto watulukira uko. Peat wouma ndi nkhuni, ku Ireland ndi kuzilumba za Scotland anthu akhala akuphikira ndi kuwotha. Ndiye ngati miyala ija ikusunga phiri lonyowa, ine ndikuti aonjezere.
Ndipo abale, tikapita kokayenda kumeneko tisanyamule timbaula totaya tija. Moto wa ku Marsden Moor mu Epulo 2019 udayamba ndi kambaula kootchera nyama.

Mwana_wa_Mbusa
Ndakhala chete ndikuwerenga, koma pali anthu amene simudawatchule. Ndimasamalira bambo wina wokalamba m'mudzi wina kuno ku Yorkshire, adakhala akuweta nkhosa kuphiri moyo wake wonse. Akamva nkhani imeneyi amakwiya, ndipo ine ndimamumvetsa. Akuti nkhondo yachiwiri itatha, boma lomweli linkapereka ndalama kwa alimi kuti akumbe ngalande m'madambo a kuphiri, ati kuti msipu uchuluke dziko lidzidyetse. Bambo ake adakumba. Kenako thandizo la boma linkawerengera mitu ya nkhosa, ukakhala ndi zambiri ndalama zambiri. Adachulukitsa. Lero akubwera achinyamata a mapepala kudzamuuza kuti iye ndi amene adawononga phiri, atseke ngalande, achepetse nkhosa. Ndipo akuti malo akanyowa kwambiri ana a nkhosa amatitimira, matenda a chiwindi amachuluka.
Ine ndidakulira ku Ntchisi ndikuweta mbuzi za agogo. Ndikudziwa mmene zimapwetekera munthu wa kutauni akabwera kudzakuuza za malo amene makolo ako adaikidwa.

Chiperoni_Edale
Achimwene, bamboyo akunena zoona, ngalande zambiri zidakumbidwa ndi ndalama za boma mpaka m'ma 1980. Mlandu si wake. Ndipo ntchitoyi singayende popanda abusa, chifukwa ndi iwo amadziwa pomwe madzi amadzera. Pa Kinder adachita kumanga mpanda kuti nkhosa zisalowe kwa kanthawi, apo ayi udzu ukangomera zikadaubudula. Chofunika ndi chakuti mlimi alipidwe mokwanira pa madzi amene malo ake akusungira anthu a m'tauni, osati kungomuuza kuti chepetsa ziweto basi.

Mwana_wa_Mbusa
Kulipidwa kwake kukhale kodalirika. Akuti malamulo a thandizo amasintha boma lililonse, pomwe nkhosa ukagulitsa mtundu wozolowera phiri lako sungaubwezenso. Nkhosa za kumeneko zimadziwa malire a msipu wawo popanda mpanda, mayi amaphunzitsa mwana. Ukazichotsa zonse nzeru imeneyo yatha.

Sindigula_Mphaka_Mthumba
Nanga aja amatentha dala phiri? Ndimaona utsi nyengo yozizira, ndipo phiri limaoneka ngati nsalu ya zigamba. Mbusa achepetse nkhosa koma olemera azitentha?

Mphepo_ya_Inverness
Amenewo ndi a malo osakirako mbalame yotchedwa grouse, yofanana ndi nkhwali. Nyengo yosaka imatsegulidwa pa 12 Ogasiti chaka chilichonse ndipo anthu amalipira ndalama zambiri. Amatentha heather zigambazigamba kuti aphuke wanthete, chakudya cha mbalamezo. Eni ake amati moto wozizira woyang'aniridwa umachepetsa zinyalala zoyaka, ndiye umateteza kumoto wolusa, komanso amapereka ntchito kumidzi. Otsutsa amati kutentha kumaumitsa pamwamba pa peat, kumapha ndere, ndipo heather akachuluka ndi amene amayaka kwambiri. Mu 2021 ku England adakhazikitsa lamulo loletsa kutentha popanda chilolezo pa peat wakuya kuposa masentimita 40 m'malo otetezedwa.

Kapitawo_wa_Nkhalango
Mkangano umenewu ndaudziwa. Ifenso tinkatentha msanga mu Meyi ndi Juni udzu usanaumitsitse, kuti lupsa la Okutobala lisadzapse ndi mitengo yomwe. Kumiombo zimagwira. Koma dambo la madzi sitinkaliyatsa. Ngati malo akuyaka, ndiye kuti adauma kale, ndipo funso loyamba likhale loti adauma chifukwa chiyani.

Mai_a_Chisomo
Mchemwali wanga amakhala ku Hebden Bridge. Pa 26 Disembala 2015 madzi adalowa m'nyumba ndi m'masitolo a m'tauni imeneyo, ndipo mu Febuluwale 2020 adabweranso. Anthu akumeneko akhala akudandaula za kutentha kwa mapiri apamwamba pawo. Kodi ndere zimenezi zingaletsedi madzi osefukira?

Namadzi_wa_mu_Labu
Kuletseratu ayi amayi. Anthu amakonda kunena kuti dambo la peat ndi siponji, koma siponji yodzadza kale simwanso madzi, ndipo m'nyengo yozizira dambo labwino limakhala lodzadza. Chomwe chimathandiza ndi kuchedwetsa. Pa peat wamaliseche madzi amathamanga ngati pa malata. Pa udzu ndi ndere amapunthwapunthwa, ndipo timadamu ta m'zigwembe timawaimitsa pang'ono. Akatswiri a ku yunivesite ya Manchester akhala akuyeza zimenezi pa Kinder Scout, ndipo adapeza kuti malo okonzedwa madzi amafika mochedwa kumtsinje komanso msinkhu wake wapamwamba umatsika. Kwa munthu wa kumunsi, madzi omwewo akafika pang'onopang'ono m'malo mofika onse nthawi imodzi, mwina mtsinje sudumpha khoma. Koma chimvula chachikulu pa chigwa chopapatiza ngati cha mtsinje wa Calder, komwe kuli Hebden Bridge, chidzavutabe.

Kapitawo_wa_Nkhalango
Ndi nzeru ya akalozera ndi vetiva imeneyo. Sitiletsa mvula, timaiyendetsa pang'onopang'ono. Zikundikumbutsa madambo a pamwamba pa Nyika, kumene mitsinje imayambira m'udzu wonyowa popanda nkhalango yaikulu, ndipo imayenda chaka chonse. Kuno kumunsi madambo athu ambiri talima mpaka m'mphepete mwa madzi, taumbamo njerwa, ng'ombe zapondaponda, kenako pakati pang'ambika chigwembe ndipo madzi onse amathawira m'menemo. Zitsime za m'mbali zimauma Ogasiti asanathe. Tikamakamba zobwezeretsa chilengedwe timawerenga mbande zokha, sindidamvepo mfumu ikuitanitsa anthu kuti tikatseke chigwembe cha m'dambo. Miyala tili nayo, ndipo ife sitifuna helikopita, ngolo imafika.

Veni_ya_Usiku
Bambo mwandikumbutsa dambo la kwathu kuseri kwa sukulu. Tili ana tinkamira mpaka m'mawondo pokatchera mbewa m'mbali mwake. Nditapita chaka chatha ndidadutsa pakati pake ndi nsapato zoyera, pali chigwembe chakuya kuposa ine. Ndidangoti mvula yachepa masiku ano. Sindidaganize kuti chigwembecho n'chimene chikukhetsa dambo.
A Chiperoni, munthu wamba angapite nawo kobzala ndereko? Pamafunika mapepala?

Chiperoni_Edale
Safuna mapepala, mumangolembetsa kwa a National Trust, a Moors for the Future, kapena a RSPB ku Dove Stone kufupi ndi Greenfield. Kubzala kumachitika nyengo yozizira, kuyambira chakumapeto kwa chaka mpaka cha mu Malichi, chifukwa ikafika nthawi yoti mbalame ziikire mazira pansi ntchito imaima. Sitima ya pakati pa Manchester Piccadilly ndi Sheffield imaima pa Edale. Mubwere ndi nsapato zosalowa madzi, jekete ya mvula, magolovesi awiri chifukwa oyamba anyowa, ndi chakudya chanu. Kukwera kokha ndi ola limodzi ndi theka.

Nesi_wa_ku_Tameside
Loweruka limene sindili pantchito ndipita nawo. Mwana wazaka 14 amaloledwa?

Chiperoni_Edale
Zimatengera gulu lake, ena amalola akakhala ndi kholo. Ndifunsa ndikuuzani Lachinayi.

Mwana_wa_Mbusa
Ine ndiwawerengera bambo aja zomwe mwalemba pano, makamaka za kulipidwa. Akayankha ndidzalemba momwe anenere, ngakhale zitakhala zowawa.

Kapitawo_wa_Nkhalango
A Chiperoni, mukakapita mundijambulire timadamu ta miyalato chapafupi, ndione mmene amayalira pansi ndi m'mbali kuti madzi asadye m'mphepete. Mundiuzenso kutalikirana kwake kuchokera pa kena kufika pa kena, ndi msinkhu wake poyerekeza ndi khoma la chigwembe. Ndikufuna ndikawaonetse a mfumu mvula isanayambe.